Moto wa Malasha m'Nyumba ya Miyala ku Free State

Kum'mawa kwa chigawo cha Free State, m'dziko la South Africa, kuli dera la zitunda ndi mapiri a miyala yofiirira, lochita malire ndi Lesotho pa mtsinje wa Caledon, umene Abasotho amautcha Mohokare. Ndi dera lokwera ndithu. Mzinda wake waukulu, Bethlehem, uli pa mamita ngati 1,650 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiko kunena kuti msinkhu wake ulingana ndi wa boma la Dedza. Koma owerenga athu asayese kuti kuzizira kwakenso kulingana, iyayi. Derali lili kutali kum'mwera, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limadzera m'munsi chakumpoto, limatuluka mochedwa, nililowa isanakwane 6 koloko, ndipo usiku umatenga maola oposa 13. Usana kumakhala ngwee, kopanda mtambo, pakuti mvula ya kumeneko imagwa m'dzinja monga kwathu. Koma likangolowa dzuwa, kutentha konse kumathawira kumwamba, ndipo m'mawa madzi a m'zomwera ng'ombe amapezeka ataundana, olimba ngati galasi.

Ife tidayenda ulendo wa kumeneko mu Julaye 2023, patapita masiku owerengeka chigwere chipale chofewa mumzinda wa Johannesburg pa 10 mwezi womwewo, chinthu chimene ana ang'onoang'ono a mumzindamo anali asanachionepo. Tidatsata msewu waukulu wa ku Durban, tidaoloka mtsinje wa Vaal pa Villiers, kenaka tidapatuka kulunjika ku Bethlehem. Njira yonseyo maso amangoona minda ya chimanga chokololedwa kale ndi udzu wouma wa mbuu, kufikira kumene thambo ligundana ndi dziko. Mitengo ndiye kulibe. Imene ioneka apa ndi apo ndi yochita kubzala anthu: bulugamu ndi paini kuzinga nyumba za m'mafamu, ndi misondodzi yoyoyoka masamba m'mbali mwa mitsinje. Munthu wozolowera kutuma mwana kukatola nkhuni kuseri kwa mudzi amayamba kudzifunsa kuti, kodi anthu a kuno amaotha chiyani?

Kale eni dziko, Abasotho, ankaotha ndowe za ng'ombe. Ankazidula m'khola ngati njerwa, naziyanika, naziunjika pa mipanda ya miyala, ndipo m'midzi ya kumapiri akuterobe kufikira lero. Mabunu, ndiwo Azungu olankhula Afrikaans, atalanda chigwa cha Caledon pa nkhondo imene adamenyana ndi mfumu Moshoeshoe kuyambira 1865 kufikira 1868, nawonso adaphunzira kuotha ndowe ndi zitsononkho za chimanga, popeza kunalibe china. Malasha adadza pambuyo. Mu 1878 munthu wina wodziwa za miyala, George William Stow, adawapeza m'mbali mwa Vaal, pamene lero pali mzinda wa Vereeniging. Migodi ina idatsekulidwa ku Natal ndi ku Witbank. Ndipo njanji itafika m'timizinda ta alimi, ngolo za ng'ombe zidayamba kupita ku siteshoni ndi tirigu, nkubwerako ndi malasha.

Pano tifotokoze pang'ono, kuti wina angasokoneze malasha ndi makala. Makala ndi nkhuni zimene munthu wazikwirira ndi dothi nkuziotcha sabata yatha. Malasha ndi mwala wakuda wochita kukumba pansi, wochokera ku zomera za m'madambo zimene zidakwiririka zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Ku Malawi nakonso alipo, monga a ku Mchenga m'boma la Rumphi, koma amapita ku mafakitale, ndipo amayi a pakhomo sawadziwa mayakidwe ake.

Nyumba imene tidafikira ili pakati pa Bethlehem ndi Fouriesburg, patsinde pa phiri. Idamangidwa ndi miyala yosema ya m'phiri lomwelo, zipupa zake zochindikala kotero kuti mwana akhoza kukhala pansi pa zenera, m'kati mwa chipupa, miyendo ali tambalale. Denga ndi la malata, khonde lidayang'ana kumpoto kuti lizilandira dzuwa la nyengo yachisanu, zipinda ndi zazitali mutu. Amisiri ake ankaganiza za kutentha kwa Januwale, ndipo pamenepo adakhoza. Koma m'mwezi wa Julaye nyumba yotereyi ili ngati phanga. Mphepo imalowera m'mipata ya matabwa a pansi ndi m'mafelemu akale a mazenera. Kamtentha kalikonse kamakwera kudenga kumene kulibe munthu. Ndipo mwala ukazizira, suchedwa kuba kutentha kwa thupi la munthu woutsamira.

Tsono nzeru yonse ya kutenthetsa nyumbayi yagona pa khalidwe la mwalawo. Mwala umachedwa kutentha, umachedwanso kuzizira. Moto waukulu wa walawala, woyaka maola awiri madzulo nkuzima, sutha kanthu pa zipupa zotere: umangootcha nkhope, msana uli zii. Chofunika ndi moto waung'ono wosazima usana ndi usiku, kwa miyezi, kufikira zipupa zitakhuta kutentha nkuyamba kukubweza pang'onopang'ono. Mwini nyumba, mayi wokalamba wamasiye amene onse pafamupo amamutcha Ouma, ndiko kuti agogo, adatiuza kuti chaka china moto udazima banja lili kumaliro kutali, ndipo atabwerako padapita masiku anayi khitchini isanabwerere mwakale, ngakhale adausonkha tsiku lomwelo.

Chitofu chake chili m'khitchini, chogundana ndi chipupa cha pakati pa nyumba. Ndi cha mtundu wa Aga, chachitsulo chochita kuumba, cholemera makilogalamu ngati 400. Sichinyamulika chathunthu, koma amachibweretsa zidutswazidutswa nkuchilumikiza pomwepo. Mbiri yake njokoma kuimva. Adachikonza ndi Gustaf Dalén wa ku Sweden, katswiri wa nyali za gasi zotsogolera zombo panyanja, amene adapatsidwa mphotho ya Nobel mu 1912. Chaka chomwecho botolo la gasi lidamuphulikira pa ntchito, nachita khungu. Pokhala pakhomo tsiku ndi tsiku, adazindikira mmene mkazi wake ankavutikira ndi chitofu chofuna kusonkhezera nthawi zonse, ndipo mu 1922 adatulukira chitofu chosunga kutentha. Moto wake ngwaung'ono, uli m'kati mwa mphika wachitsulo chochindikala, wokutidwa mbali zonse kuti kutentha kusathawe msanga. Pamwamba pali malo awiri otereka miphika, amodzi otentha kwambiri, ena ofunda, onse okhala ndi zivundikiro zolemera. Pansi pali mauvuni awirinso motero. Ukachikhudza m'mbali sichiotcha. Chimangofunda ngati mimba ya ng'ombe, ndipo kufunda kumeneko sikuleka.

Wosunga motowo ndi mayi wina Mosotho, amene wagwira ntchito m'nyumbamo zaka zambiri. Tidamutcha Mme, monga mwa mwambo wa kumeneko, iye natitcha Ntate. Tsiku lachiwiri tidadzuka mbandakucha kuti tikaone magwiridwe ake. Adayamba ndi kutsekula kachitseko ka pansi, nagwedeza chitsulo cha mipatamipata chimene malasha amakhalapo, kuti phulusa la usiku ligwere m'mbale yake. Adagwedeza kufikira kuwala kofiira kudaonekera m'phulusamo, pomwepo adaleka. Kenaka adachotsa chotsekera cha pamwamba, nakhuthuliramo chidebe chimodzi cha malasha, natseka. Ntchito yonse sidapitirire mphindi khumi, ndipo madzulo adachitanso chimodzimodzi.

Mmodzi wa ife adafunsa kuti, "Mme, bwanji simutakasa motowo ndi chitsulo kuti uyake bwino?"

Iye adaseka nati, "Ntate, amenewo ndi machitidwe a nkhuni. Malasha sakonda kugwidwagwidwa. Mukawatakasa pamwamba, phulusa limasakanizika ndi moto, limasungunuka, nkuuma ngati mwala, ndipo mpweya umasowa podzera. Moto uwu umapumira pansi. Muupatse njira ya mpweya pansipo, muusiye."

Mawuwa ndi oona, ndipo ndiwo kusiyana kwakukulu kwa mioto iwiriyi. Nkhuni zimayaka ndi mpweya wozidzera m'mbali ndi pamwamba, chifukwa chake timazisonkhezera pa mafuwa ndi kuziuzira. Malasha afuna mpweya ulowere pansi, ukwere m'mipata ya mulu wonse, utulukire m'chumuni. Ndipo afuna mulu wakuya, kuti mwala uliwonse uzitenthedwa ndi unzake. Atatu kapena anayi okha amazima. Amene amaotcha m'chitofuchi ndi a mtundu wolimba wotchedwa anthracite, okumbidwa makamaka ku KwaZulu-Natal. Ngonyezimira, sadetsa manja kwambiri, alibe utsi wooneka, ndipo lawi lake ndi lalifupi lobiriwira ngati thambo. Koma kuwayatsa ndi ntchito ya munthu wodekha: ayenera kuyamba wakoleza nkhuni kapena makala kufikira zitafiira psuu, ndi kuthirapo malasha pang'onopang'ono, ndipo chitofu chozizira chimatenga tsiku lathunthu kuti chifike potentha pake. Ndicho chifukwa chake m'nyumbamo kuzimitsa moto ndi mlandu.

Tinene zoona, chitofu chimodzichi sichitenthetsa nyumba yonse. Chimafunditsa khitchini, ndi chipinda cha kuseri kwa chipupa chimene chidagundanacho, momwe mumagona Ouma. Zipinda zina amazitseka kuyambira Meyi, nayala nsanza m'munsi mwa zitseko. Chipinda chochezera alendo, chokhala ndi mipando yokongola ndi zithunzi za makolo, tidangochiona kamodzi, mpweya wa m'kamwa uli tolotolo ngati utsi, ndipo tidatulukamo msanga. Moyo wonse wa banja umasamukira m'khitchini. Momwemo amadyera, momwemo mwana wamwamuna wa Ouma, amene akuyendetsa famu tsopano, amawerengera ndalama zake. Zovala zimauma pa chitsulo cha kutsogolo kwa chitofu. Agalu amalimbirana malo pansi pake. Ketulo sichoka pamoto. Usiku amaika timabuledi todulidwa mu uvuni wofunda uja kuti tiume gwaa, ndipo m'mawa amativiika mu khofi asanapite ku ziweto. Adatiuzanso kuti kamwana ka nkhosa kobadwa usiku wachisanu, kakapezeka kali lefu, amakakulunga m'thumba nkukagoneka pakhomo pa uvuni womwewo, chitseko chili chotsekula, ndipo kawirikawiri kamadzuka nkuyamba kulira.

Pogona, aliyense amatenga botolo lake la mphira lodzaza madzi otentha, nathamanga nalo m'kanjira kozizira kukalowa m'magombeza anayi. Madzi otenthawo amachokera m'chitofu chomwecho. M'kati mwake muli kathanki, ndipo popeza madzi otentha amapepuka kuposa ozizira, amakwera okha m'paipi kupita ku thanki yaikulu ya kudenga, ozizira natsika kudzalowa m'malo mwake, popanda makina aliwonse. Mu 2023 magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana m'dziko lonselo maola ambiri pa tsiku, ndipo madzulo amene nyali zidathima tili pa chakudya, palibe chidasintha koma kuyatsa kandulo: mphika udapitiriza kuwira.

Tsopano tifike pa chinthu chimene tifuna owerenga athu achisunge, pakuti chikhudza moyo. Moto wa malasha, makamaka ukamayaka pang'onopang'ono mpweya uli wochepa, umatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Chumuni ikakhala bwino, umatuluka nawo kunja. Koma mbalame ikamanga chisa m'chumunimo, kapena phulusa louluka likaunjikana pokhota paipi, kapena chitsulo chikang'aluka, mpweyawo umabwerera m'nyumba. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka tulo tolemera. Ndipo amene wagona kale sadzuka. Chifukwa chake pafamupo amasesa chumuni chaka ndi chaka chisanu chisanayambe, satseka konse kabowo ka mpweya ka m'chipupa cha khitchini ngakhale kuzizire motani, ndipo adapachika kachipangizo ka mabatire kamene kamalira mpweyawo ukachuluka. Munthu akapezeka wafooka m'chipinda cha moto, atsekule zitseko, amutulutsire panja, amutengere ku chipatala osayembekeza kuti kuche. Mpweya umenewu ndi womwewo umene umatuluka m'mbaula ya makala. Dzina lomwe ndi limodzi, pakuti Azulu amati imbawula. Ndipo chaka chilichonse m'nyengo yachisanu imapha anthu olowa nayo m'chipinda chotseka, alonda a usiku ndi mabanja athunthu, kumeneko ndi kwathu komwe.

Walira mvula walira matope: wofuna kufunda kwa malasha alandire ndi phulusa lomwe. Limachuluka kuposa la nkhuni, ndipo lilibe ntchito zimene phulusa la nkhuni lili nazo. Salithira m'dimba la ndiwo, ndipo wina asayese kuchezera chidulo. Mme amalitulutsa m'ndowa yachitsulo, naliika panja kutali ndi udzu, popeza limasunga moto m'kati tsiku lathunthu, ndipo m'dziko la udzu wouma ndi mphepo kamoto kamodzi kakhoza kutha msipu wa mafamu angapo. Likazizira amakwirira nalo maenje a mumsewu wa kufamu. Fumbi lake lopyapyala limatera pa mashelefu, pa mbale, paliponse, ndipo wolipukuta ndi yemweyo.

Madzulo ena tidamuperekeza Mme kwawo, mtunda wa mphindi khumi kuseri kwa makola. Kumeneko kuli nyumba za antchito, za zipupa zopyapyala ndi malata opanda siling'i. Iye amene amasunga moto wosazima m'nyumba ya miyala, kwake ali ndi kachitofu kakang'ono ka miyendo inayi, ka mtundu umene amautcha Dover, kamene kamatentha msanga nkuziziranso msanga. Anthracite ndi wokwera mtengo, tsono amaotchamo malasha wamba a ku Mpumalanga, osakaniza ndi zitsononkho ndi ndowe. Amenewa amayaka mosavuta, koma ndi utsi wachikasu wonunkha sulufule, umene umatsamwitsa ana. Utsi womwewo tidauona utayala pamwamba pa makomboni a m'mbali mwa msewu dzuwa likulowa, pakuti mpweya wozizira umaupanikiza pansi, suulola kukwera. Moto wa m'nyumbamo umazima pakati pa usiku, ndipo m'mamawa malata amadontha madzi pa zofunda. Tidaona kuti kufunda kwa m'khitchini muja sikuchokera ku luso lokha: kufuna zipupa zochindikala, ndalama zogulira malasha abwino a miyezi isanu, ndi munthu wodzuka kuli mdima kudzawathira.

Komabe mayatsidwe ake a moto adatiphunzitsa kanthu. Sadaike mapepala ndi nkhuni pansi, malasha pamwamba, monga achitira ambiri. Adayala malasha pansi, pamwamba pake mapepala ndi tinkhuni, pamwamba penipeni timalasha towerengeka, nayatsa pamwambapo. Motero moto umatsika, ndipo utsi wotuluka m'malasha a pansi uyenera kudzera m'lawi, nupsa momwemo usanafike m'chumuni. Njirayi idatchuka kuchokera ku eMbalenhle, pafupi ndi Secunda, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amaitcha "basa njengo magogo," ndiko kuti, koleza moto monga achitira agogo, chifukwa ndi gogo wina wa kumeneko amene adaikonza bwino. Tidaima panja nkuyang'ana machumuni: ya Mme idafuka pang'ono nkuyera, ya mnansi wake idali tolotolo kwa nthawi yaitali.

Pokamba za kumene malasha achokera, mwamuna wa Mme adatchula Coalbrook. Umenewu udali mgodi wa kumpoto kwa Free State, pafupi ndi Sasolburg. Pa 21 Januwale 1960 mizati yochirikiza denga la mgodiwo idaphwanyika, ndipo anthu oposa 430 adatsekeredwa pansi. Sadapulumuke ndi mmodzi yemwe, mitembo yawo ili momwemo. Ochuluka a iwo adali a ku Basutoland, ndilo Lesotho wa lero, ndi a ku Mozambique. M'midzi ya tsidya la Caledon, imene moto wake umaoneka usiku kuchokera pa zitunda za kufupi ndi Fouriesburg, dzinali silidaiwalike. Witbank nayo, imene mu 2006 idatchedwa eMalahleni, ndiko kuti kumalasha, ili pakati pa dera la mpweya woipa kotero kuti mu 2022 bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria lidagamula kuti mpweya wa kumeneko ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pa malo osawononga thanzi.

Zitofu zotere zikutha m'mafamu. Amisiri odziwa kuzikonza akalamba. Malasha, amene kale ankatsikira pa siteshoni yapafupi, tsopano amadza pa lole kuchokera kutali, mtengo wa ulendo uli pamwamba. Usiku wotsiriza tidamva mayi ndi mwana wake akukambirana za nkhaniyi pa tebulo. Mwanayo adati, "Amayi, Mme akukalamba, ndipo ana ake ali ku Bloemfontein, sadzabwera kudzatola phulusa. Tiike chitofu cha gasi, madzi tizitenthetsa ndi dzuwa, ndipo chipinda chanu ndidzachiikira chotenthetsera chakechake." Ouma adayankha kuti gasi amaphika nsima ndi nyama, koma safunditsa mwala, ndi kuti iye adalowa m'nyumbamo ali mtsikana motowo ukuyaka. Mme adali pomwepo akupukuta mbale, ndipo palibe adamufunsa maganizo ake.

M'mawa mwake, tikukweza katundu m'galimoto, mwanayo adali m'khitchini ndi tepi, kuyeza pangodya pamene botolo la gasi lingakhale. Mayi ake adali pakhonde, gombeza lili m'mapewa, akuimbira foni wogulitsa malasha ku Bethlehem kuti lole ibwere lisanathe sabata.